Besi Yoluma

Mumsewu wa amisiri, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wokonza mawailesi, pali shedi imodzi yopanda waya wamagetsi ngakhale umodzi. Ndi ya a Utuchi. Dzina lawo lenileni lilipo, koma linakwiririka kalekale ndi utuchi umene sutha m'tsitsi ndi m'nsidze zawo. Anzawo onse anagula makina odulira ndi opalira matabwa. Iwo akadali ndi sowo ya pamanja, puleni, matchizulo ndi kanyundo kamtengo. Kukachita mitambo amakokera benchi pakhomo. Kukayamba kuda amatseka n'kumapita.

Ena amati ndi kuumira, ena amati ndi ukalamba. A Mawaya, wokonza mawailesi uja, amene akhala nawo khoma limodzi kuyambira onse tsitsi lili lakuda, amadziwa chifukwa chake. Ndi munthu wolongolola, koma pa nkhani imeneyi pakamwa pawo pamatsekeka.

A Utuchi anali ndi mng'ono wawo, woimba gitala ya besi m'bandi ina ya m'mahotela. Anali mnyamata woti akalowa m'nyumba, ngakhale odwala ankaseka. Tsiku lina anafika ku shedi akukupiza dzanja.

"Akulu, besi yanga yayamba kuluma," anatero akuseka. "Ndikangoyandikira maiki, pamlomo apa, nyee! Kaya sindikuidyetsa mokwanira."

Sabata imeneyo isanathe anagwa pa siteji, masana dzuwa likuswa mtengo, dzanja lili pa nsambo, mlomo uli pa maiki. Anthu anayamba aomba m'manja poyesa ndi kavinidwe katsopano. Bokosi lake anakhoma ndi a Utuchi. Anamuyeza okha ndi tepi yawo kuchokera kumutu kufika kuphazi, ndipo m'chikhatho chake anaonamo mizere inayi yakupsa, nsambo iliyonse mzere wake.

Atachoka kumanda anaitana a Mawaya kuti adzachotse waya ndi babu m'shedi. Kuyambira pamenepo sanayezenso munthu wamoyo ndi tepi. Wofuna mpando kapena bedi wolingana ndi msinkhu wake amangomuyang'ana ndi maso, ndipo sizilakwika. Ana awo anauzidwa kuti bambo awo aang'ono anafa ndi mtima. Silinali bodza lenileni, pakuti mtimawo unaimadi.

Mwa ana onsewo, amene anakulira m'mapalapala a matabwa ndi wamkazi womaliza, amene aliyense amangomutcha Chitsiriza. Anaphunzira kugwira tchizulo asanadziwe kumanga nsapato. Tsopano ndi mayi wa ana awiri, amasoka mayunifolomu pa shopu ina m'tauni. M'mawa wina anatulukira pa shedi atabereka chinthu chachitali chokulunga m'nsalu.

"Mwadzuka bwanji Ababa? Ndakubweretserani mdzukulu wina."

Anachigoneka pa benchi n'kumasula nsaluyo. Inali gitala ya nsambo zinayi zonenepa.

A Utuchi sanaikhudze. Anangoiyang'ana manja ali kumbuyo. Thabwa lake analizindikira nthawi yomweyo: linali pamwamba pa tebulo limene anamukhomera Chitsiriza pokwatiwa.

"Linathyoka mwendo," anatero iye asanafunsidwe. "Khosi ili ndinagula kwa ogulitsa zakale. Zinazo ndachita ndekha. Taonani polumikizira apa, munene ngati pali mpata woti n'kulowa tsitsi."

Mpata panalibe. Mtima wa mmisiri unakondwa pang'ono, koma mtima wa bambo unali utayamba kale kuthamanga.

"Tili ndi bandi ya amayi okhaokha," anapitiriza. "Loweruka masana tikaimba ku holo ya kuseri kwa msika. Chimene ndabwerera n'chakuti mundipangire tizivundikiro ta mapikapu."

"Pikapu? Yonyamula matabwa ija?"

"Iii, Ababa inu! Awa." Analoza tizinthu tiwiri tatitali ngati chala, togona chopingasa pansi pa nsambo. "Ndi makutu a gitala. M'kati muli maginito okulunga ndi waya wa kopa wowonda ngati tsitsi. Nsambo ikanjenjemera, iwowa amamva n'kutumiza mawu ku ampu, chibokosi chokuza mawu chija. Ndinawagula ali maliseche, ndiye ndinangowaphimba ndi zidutswa za chitini. Taonani dzimbiri. Ndikufuna ta mtengo, tokongola. Timabokosi tiwiri basi."

"Usamati mabokosi muno."

"Pepani. Tizivundikiro." Anaseka. "Mwinanso ingasiye kundiluma."

Wowotcherera uja anali akudula chitsulo kuseri kwa khoma, koma a Utuchi sanamvenso phokoso lake.

"Wati chiyani?"

"Imaluma nthawi zina. Pang'ono chabe, ngati nyerere. Poimba, chala chachikulu chimatsamira pa kachitini aka, ndiye ndikuganiza kuti ndi komweka. Ku holo kuja ndiye kumanyanya. Paja ine ndimaimba nditavula nsapato, besi imakoma ukamaimva m'mapazi."

Mawu anali atafika kale pakhosi: siya zimenezi, mwana wanga, kaitaye. Koma ankamudziwa Chitsiriza. Ukamuletsa chinthu ndiye kuti wamuthirira feteleza. Mwamuna wake anayesa kumuletsa za bandi, lero ndi amene amamunyamulira ampu. Ndipo kuti amuletse bwino, anayenera kunena za mizere inayi ija, zimene sanauzepo munthu, ngakhale mayi a ana awo.

Anayang'ananso mawaya a kopa akusuzumira pansi pa chitini. Maganizo anabwera okha, oyera ngati thabwa lopala. Moto uli m'mawayamo. Chitsulo chimayendetsa moto, mtengo wouma suyendetsa. Akawakwirira mawayawo m'mtengo wochindikala, motowo utulukira pati?

"Masula makutuwo, usiye," anatero. "Gitalayo pita nayo."

Pansi pa benchi panali chidutswa cha mbawa chimene anachisunga zaka zambiri, chouma gwa, cholira ngati belu ukachigogoda. Anachipala mbali zonse n'kudulapo zipika ziwiri. Potambasula tepi pa makutu a gitala aja anayamba adziuza mokweza kuti gitala si munthu. Anajambula ndi pensulo, namanga chipika pa vaisi yopanira matabwa, nayamba kugoba m'kati ndi tchizulo chaching'ono kwambiri, kutsata mizere ya thabwa kuti lisang'aluke. Kumapeto onse awiri anasiyako timilomo toboolapo zomangira.

Atamaliza koyamba anakagadamiza pa benchi. Kanali kakatali, kopapatiza, kogobeka bwino m'kati, makona ake oongoka. Manja awo anali atapanga chimene anazolowera: kabokosi ka maliro. Anakavundikira msanga kuti kamwa lake liyang'ane pansi.

Pamwamba anasiya pochindikala ngati chala. M'mbali chimodzimodzi. Tsiku limenelo anadya bwino.

Chitsiriza anadzatenga madzulo ake poweruka, ndipo m'mawa mwake anali atabwerera kale, besi ili kumsana.

"Ababa, mwana wanga mwamugonthetsa."

"Watani?"

"Akulankhula ngati munthu wafunda bulangeti kumutu. Kuti tizivundikiro tanu tikwane pansi pa nsambo, makutu aja atsikira pansi kwambiri. Maginito akakhala patali samva. Pamwamba apa pakufunika popyapyala ngati chikhadabo."

"Thabwa lopyapyala silitchinga kanthu."

"Likutchinga chiyani kodi? Si fumbi ndi thukuta basi? Mwapanga ngati mukukhoma chitseko cha ndende."

A Utuchi anatenga chidutswa cha mbawa chotsala n'kuyambiranso.

Ntchito yachiwiriyi ndi imene inawasautsa. Kugoba kunali kosavuta. Kovuta kunali kupyapyalitsa pamwamba, pakuti tchizulo sichifika pamenepo popanda kuboola. Anamata sandipepa pa galasi lakale la windo kuti pakhale posalala, n'kumakhula chivundikirocho chozondotsa, pang'onopang'ono, uku n'uku. Akakhula kanthawi ankapita pakhomo n'kuchiloza kudzuwa. Chikadali chakuda bii, ndiye kuti sichinafike. Fumbi lofiira linkadzaza m'mizere ya zala zawo, ndipo nthawi iliyonse akalipemerera ankaona ngati akugumula ndi manja awo khoma loima pakati pa mwana wawo ndi moto.

Chimodzi chinang'aluka atatsala pang'ono kumaliza. Anamva kuti the! pansi pa zala. Anakhala pansi osachita kanthu, akudzifunsa ngati chimenechi si chizindikiro. Kenako anadula chipika china.

Chitsiriza anabweranso pa nthawi yopuma masana, tepi ya telala ili m'khosi. Anatola chivundikiro n'kuchiloza kudzuwa.

"Pakadali."

"Pakwana."

"Ababa, mukuopa chiyani? Inu amene mumapala thabwa mpaka mapalapala ake munthu n'kuwerengera nyuzipepala kuseri?"

Anakhulanso iye ataima pomwepo. Atachilozanso kudzuwa, kuwala kunadutsa kofiirira, ngati mmene kumadutsira m'khutu la mwana wakhanda. Mizere ya mbawa inaoneka yonse. Chinali chinthu chokongola, ndipo a Utuchi anadana nacho.

Anapaka mafuta, napukuta ndi kansanza. Chitsiriza anamanga yekha zomangira, nayika chala chachikulu pa mtengo wosalalawo.

"Eee! Apa ndiye chala chapeza mtsamiro. Mubwere Loweruka mudzamve."

"Ndiona."

"Ndiona wanu ndimamudziwa. Tsalani bwino Ababa."

Ngakhale chopyapyala, ndi mtengo ndithu, anadzitonthoza motero a Utuchi. Chala sichikhudzanso chitsulo. Chimodzi mwa zochindikala zija, zokanidwa, anachiponya m'thumba la ovolosi. Kuchitaya kunawakanika.

Loweruka kunacha ndi mvula. Inavumba m'mawa wonse n'kukata dzuwa litapendeka pang'ono. A Utuchi anali pakhomo pa shedi akutembenuza chivundikiro chochindikala chija m'manja, pamene a Mawaya anatulukira akutsimphina ndi bondo lawo lovuta, kudzabwereka kanyundo.

"Kodi tsopano mwayamba kuika makoswe m'manda mwaulemu? Kabokosi kameneka n'ka ndani?"

"N'ka gitala ya Chitsiriza."

"Chitsiriza akuimba gitala? Inu n'kulola?"

"Wapanga yekha. Besi. Akuti imaluma. Ndiye ndatsekera mawaya a makutu ake ndi mtengo. Moto usatuluke."

Kuseka kunachoka pankhope ya a Mawaya ngati munthu wapukuta ndi nsalu.

"Akulu, mwati imaluma?"

"Inkaluma. Ndatseka."

"Simunatseke kanthu. M'makutu mmenemo mulibe moto woti n'kupha ngakhale ntchentche. Moto woluma umachokera ku ampu ikakhala yowonongeka. Umayenda m'chingwe chija, umalowa m'gitala, umakwera pa nsambo zonse zinayi. Mutha kuikwirira gitala yonse m'thabwa, koma nsambo zikakhala pamtunda, dzanja likhala pa moto. Chimene umadikira n'chakuti munthuyo akhudze chinthu china chotsikira pansi. Maiki. Kapena simenti yonyowa. Akuimba liti?"

"Masana ano. Ku holo ya kuseri kwa msika."

"Denga la holo imeneyo ndi sefa."

"Amavula nsapato," anatero a Utuchi. Mawuwo anatuluka ngati a munthu wina.

"Thamangani! Ine nditenge chikwama cha zida, ndikupezani."

Shedi anaisiya yosatseka. Munthu wa zaka zawo sathamanga, koma tsiku limenelo anathamanga, matope akuthovukira m'miyendo ya ovolosi. Anadutsa pakati pa ogulitsa amene ankayalanso katundu wawo mvula itakata. Wina anakuwa kuti, "Agogo, akuthamangitsani ndani?" Wanjinga anawatukwana. Chifuwa chinkaotcha, m'maso munkachita zoyerayera.

Asanakhote pa ngodya ya msika anaimva. Du, du-du, du. Mawu akuya olowa m'nthiti asanalowe m'khutu. Zaka zonsezi akamva kulira kumeneku ankawoloka msewu kukuthawa. Lero anakuthamangira. Ikulira, ndiye kuti ali moyo. Ikulira, ali moyo.

Inasiya.

Anagwira mzati wa golosale, pakamwa pali yasa, akudikira kumva mfuu ya amayi. Kunangomveka madzi akudontha m'malata. Kenako wina anaseka pa maiki, ng'oma zinagunda, besi inayambanso. Anasiya mzatiwo n'kupitirira.

M'holo anthu anali asanayambe kulowa. Amayi awiri ankandanda mipando, wina ankakolopa. Pansi panali mabeseni ndi ndowa zolandira madzi a kudenga, ndipo simenti yonse inali kunyezimira. Kutsogolo bandi inali kuyeserera. Chitsiriza anaima kumanzere, maso ali tseke, mutu ukugwedezeka, chala chachikulu chili pa mbawa. Nsapato zake zinali pambali pa ampu, zitagundana bwinobwino.

"Chitsiriza!" anakuwa a Utuchi. Mawu a munthu wosazolowera kukuwa, amenenso mpweya wamuthera, sanafike ngakhale pa mzere woyamba wa mipando.

Mayi wotsogolera nyimbo anatembenuka n'kukodola ndi dzanja. "Asisi a besi, bwerani pa maiki mundithandize kolasi!"

Chitsiriza anatsegula maso n'kuyamba kusendera, akuimbabe, phazi limodzi, kenako linalo.

A Utuchi kumufikira sakanatha, ndipo kumugwira kukanakhala kugwa awiri. Maso awo anatsata chingwe: kuchoka pa gitala kupita ku ampu, kuchoka ku ampu kukwawa m'mbali mwa khoma, kubwera chakuno, kufupi ndi khomo pamene anaima. Pa soketi panalibe pulagi. Mawaya awiri osenda anali atawalowetsa m'mabowo n'kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi. Pamene pankayenera kukhala swichi panali dzenje lakuda.

Chiikireni mng'ono wawo m'manda anali asanayandikirepo chinthu chotere. Dzanja linapita lokha n'kuima m'malere. Linali lonyowa ndi thukuta ndi mvula. Anaona mizere inayi ija. Anaonanso, chapatali, mlomo wa mwana wawo ukutseguka kuti uyambe kolasi.

Anapisa m'thumba. Chivundikiro chochindikala chinali momwemo, chouma. Anakola mawaya aja ndi kamlomo kake n'kukoka ndi mphamvu zonse.

Thwa! Kamoto kabuluu kanalumpha, fungo la lamba wopserera linamveka. Besi inafa pakati pa mawu. Ng'oma zinapitirira pang'ono zokha, kenako zinachita manyazi n'kusiya. Pakati pa mlomo wa Chitsiriza ndi maiki panatsala malo oti n'kudutsa chikhatho.

"Aaa! Ndani wazimitsa?"

"Ndi agogo awo ali pakhomowo!"

"Kodi amwa? Madala, kuno si kumowa!" anatero woimba ng'oma, mayi wamkulu thupi, ataloza ndi kamtengo kake.

"Ndi bambo anga," anatero Chitsiriza, nkhope itagwa. Anabwera besi ikulendewera pamimba. "Ababa, n'chiyani chimenechi? Pamaso pa anzanga? Ngati simufuna kuti ndiziimba, bwanji osandiuza kunyumba?"

A Utuchi anali akupumirabe m'mwamba. Anatsamira khoma.

"Vula," anatero potsiriza. "Vula gitala. Ika pa mpando."

"Chifukwa?"

"Ika pa mpando, mwana wanga."

Mwina ndi mawu akuti mwana wanga, amene anali asanawamve chikwatiwire. Anavula lamba n'kuigoneka pa mpando wapulasitiki.

A Mawaya analowa akutsimphina, chikwama chili paphewa. Anayang'ana soketi, nayang'ana simenti, nayang'ana mapazi a Chitsiriza, n'kupukusa mutu.

"Aliyense manja m'thumba. Wopanda thumba apinde manja."

Anabwezera mawaya aja m'soketi ndi pulayazi ya zogwirira za labala. Ampu inayamba kung'ung'udza. Anatulutsa tesita, kasikuludalaivala kokhala ndi kababu m'chigwiriro, n'kugunditsa nsonga yake pa nsambo yonenepa kwambiri. Kababu kanayaka psuu. Anagunditsa pa yachiwiri, kanayaka. Yachitatu, yachinayi, chimodzimodzi. Anagunditsa pa chivundikiro cha mbawa, kanakhala kozima.

"Chivundikiro chokha ndiye chilibe mlandu," anatero. Palibe anaseka. Anazulanso mawaya aja.

"Koma imangoluma pang'ono," anatero Chitsiriza ndi mawu otsika.

"Uku sikuluma, mwanawe. Inkangokulawa. Lero, ndi madzi awa, ndi mlomo pa maiki, ikanadya."

Mayi wokolopa uja anaika chokolopera pansi mwakachetechete.

"Bambo ako aang'ono ankatinso imaluma," anatero a Utuchi, maso ali pansi.

"Si paja anafa ndi mtima?"

"Unaima. Dzanja lili apo." Analoza nsambo.

Chitsiriza anatembenuza chikhatho chake chakumanzere n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pa mpando, nakweza mapazi onse awiri kuchoka pa simenti ngati pansi pali njoka.

A Mawaya anatsegula kumbuyo kwa ampu. M'kati anapeza waya wa moto utasupuka, ukukhudza chitsulo cha bokosilo. Waya wachitatu, wotaya moto pansi zinthu zikalakwika, wina anaudula kalekale poona kuti ukungosowetsa mtendere. Anakonza zonsezo akung'ung'udza, namanga pulagi yeniyeni ya mano atatu, nasamutsira ampu ku soketi ina ya swichi yamoyo, atayamba aiyeza. Anagunditsanso tesita pa nsambo zonse, ndi pa maiki. Kababu sikanayake.

"Tsopano ndi nkhosa," anatero. "Tenga uimbe."

Chitsiriza sanasunthe. Panja anthu anali atayamba kusonkhana pakhomo.

"Asisi, nthawi yatha," anatero wotsogolera nyimbo mofatsa.

"Manja akukana," anayankha. "Imbani popanda besi."

Wolumidwa ndi chakuda amaopa khala. A Utuchi ankaudziwa mwambi umenewu kuposa munthu aliyense m'holomo, pakuti anakhala m'kati mwake theka la moyo wawo. Ichi ndi chimene ankafuna chiyambire m'mawa uja anamasula nsalu pa benchi: kuti mwanayo aiope gitalayo, aisiye. Akanangokhala chete, monga mwa masiku onse, akanapita naye kunyumba, besi n'kukapachikidwa kuseri kwa chitseko mpaka kalekale. Anamuyang'ana atakhala pampando, mapazi ali m'mwamba. Anaona shedi yopanda babu, ndi munthu wowoloka msewu pothawa nyimbo.

"A Mawaya," anatero, "mwati mtengo sungathandize?"

"Ungathandize, mukauika malo ake. Inu munauika kumakutu. Malo ake ndi kumapazi."

Pakona ya holo panali matebulo opinda, osanjikizana. Anasankha la pakati, limene madzi sanalifike, naligogoda ndi chala kuti amve kuuma kwake. Analinyamula okha, akukana wowathandiza, n'kuligoneka pansi pambali pa ampu, miyendo yake ili yopinda.

"Vala nsapato. Ima apa."

"Ababa, ndikuopa."

"Inenso. Ima apa."

Anavala, nakwera. A Utuchi anatola besi pa mpando. Anaigwira pa thabwa pokha, zala zili kutali ndi nsambo, n'kumupatsa.

Masana amenewo holo inadzaza. A Utuchi sanakhale pampando. Anaima pa khoma pafupi ndi soketi, chivundikiro chochindikala chili m'dzanja, maso ali pa mlomo wa Chitsiriza ndi maiki. Nthawi yoyamba imene mlomowo unakhudza chitsulo, iwo anasiya kupuma. Kolasi inatuluka, mwanayo ali chiimire. Pa nyimbo yachitatu ndi pamene anazindikira kuti akumva mawu a besiyo, oyera, akuya, odutsa m'thabwa lija analikhula mpaka kuonekera dzuwa.

Sabata yotsatira Chitsiriza anafika ku shedi n'kupeza matabwa a paini ali pansi, olumikizidwa kale ndi guluu ndi tizikhomo tamtengo, popanda msomali ngakhale umodzi.

"Kwera," anatero bambo ake. "Ima mmene umaimira poimba."

Iye anachotsa tepi yake ya telala m'khosi. "Bwanji osangoyeza?"

"Bweza chimenecho."

Anagwada ndi pensulo n'kujambula mzere kuzungulira mapazi ake, patalipatali, kusiya malo oti munthu n'kuvina osaponda pansi.

"Ili ndiye ndichindikalitsa mmene ndikufunira," anatero osadzutsa mutu.

"Chindikalitsani Ababa. Mapazi alibe makutu."

Thabwa limenelo ndi lolemera, ndipo mwamuna wa Chitsiriza amadandaula nalo ulendo uliwonse. Shedi ija mpaka lero ilibe waya. Koma kulikonse kumene bandi ya amayi ikukaimba, a Utuchi amafika anthu asanalowe, tesita ya a Mawaya ili m'thumba limodzi, chivundikiro chochindikala m'thumba linalo. Amayiwo anawapatsa dzina lina, amati Alonda a Soketi, ndipo woimba ng'oma uja amawasungira mpando pafupi ndi khoma. Sakhalapo. Anthu akamaomba m'manja pakutha pa nyimbo, iwo saomba. Amadikira mpaka Chitsiriza avule lamba, aike besi pansi, achotse dzanja pa nsambo. Akatero ndi pamene amaomba, okha, anthu ena atayamba kale kutuluka.